Njinga ya a Gondwe

1994 mpaka 1996

Ntchito ya pa esiteti ya tiyi ndinaiyamba m'mwezi wa Novembala 1994, mvula itangogwa. Anandiika pa sikelo. Ntchito yanga inali kuyeza madengu a anthu othyola tiyi ndi kuona ngati sanasakanizemo masamba okhwima. Ndinkachokera kwathu kwa Nchilamwela pa njinga yakapalasa, ndipo nthawi ya dzinja ndinkafika thalauza itanyowa mpaka m'chiuno chifukwa cha mame. Inu ana anga, Esinati ndi Davide, munali aang'ono, simungakumbukire. Amayi anu ndiwo amadziwa, poti ndi iwo ankaumitsa thalauzayo pa mbaula.

Mu 1996 anandikweza kukhala woyang'anira makapitawo a minda isanu ndi umodzi, ndipo anandipatsa njinga yamoto ya kampani. Inali yaing'ono, yofiira, ya mawu ngati chigayo chakumudzi. Mahandulo ake ankanjenjemera moti ukayenda ola lathunthu zala zinkachita dzanzi. Pachitunda inkalira momvetsa chisoni, ndipo ukanyamula munthu wonenepa unkayenera kumupempha kuti atsike ayende pang'ono. Koma m'tinjira ta pakati pa tiyi inali bwenzi. Ikaterereka m'matope unkaidzutsa wekha ndi dzanja limodzi. Petulo inkangonunkhiza. Tcheni, pulagi, tayala, zonse zinkapezeka pa Thyolo pomwepa, ndipo a Mulewa, makaniko wamkulu wa pa galaja ya esiteti, ankaikonza akucheza, osayang'ana n'komwe zimene manja awo akuchita.

1997 mpaka 2001

Mu 1997 kunabwera bwana watsopano woyang'anira chigawo chathu, a Gondwe, ochokera ku Rumphi. Anali munthu wamtali, wofatsa, wosakonda kukalipa. Akakhumudwa ankangovula magalasi n'kumawapukuta kwa nthawi yaitali, ndipo tonse tinkadziwa kuti zinthu sizili bwino. Mkazi wawo anali mphunzitsi kwawo komweko ndipo ankabwera ndi ana patchuthi pokha.

A Gondwe anabwera ndi njinga yawoyawo imene anaigula ku Joni pamene anapita kukaphunzira. Anthu a pa esiteti anali asanaonepo yotero. Inali yabuluu, yaitali, yokhala ndi galasi lotchinga mphepo kutsogolo ndi mabokosi awiri m'mbali oikamo katundu wa paulendo. Sinkaphokosera ngati yangayi. Inkangong'ung'uza pansipansi, mawu ake unkayamba kuwamva m'chifuwa usanawamve m'makutu. Amayi othyola tiyi ankaweramuka kuiyang'ana ikamadutsa.

Tsiku lina atandipeza ndikuiyang'anitsitsa pa ofesi, anati, “A Nakoma, mukufuna kuilawa?”

“Ayi bwana, ndingaigwetse. Malipiro anga a chaka sangakwane kugula galasi lokhali.”

“Sigwa pamsewu wa tala. Imagwa m'matope. Tengani, mukafike pa mphambano ya ku boma mubwerere.”

Ndinapita. Ana anga, sindinadziwe kuti njinga ingayende choncho. Sinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Pokhota sunkaikhotetsa ndi manja, unkangopendeka thupi, iyo n'kutsatira. Mphepo inkadutsa pamwamba pa mutu, ndipo chitunda chimene yanga inkakwera ndi giya yachiwiri iyi inachimaliza ndisanadziwe kuti ndachiyamba. Nditabwerera ndinapeza a Gondwe akuseka.

“Mwaikonda. Koma ndikuuzeni, iyi ndi mkazi wachiwiri. Tayala lake silipezeka ku Limbe, mpaka kuitanitsa. Mabuleki chimodzimodzi. Yanuyo ndi yantchito, iyi ndi yamtima.”

Lachisanu lililonse akaweruka ankaikwera n'kupita, kubwerako Lamlungu madzulo. Tonse tinkati amapita ku Blantyre, ndipo palibe amene ankafunsa. Kumapeto kwa 2001 anayamba kudwaladwala. Anaonda, kolala ya malaya inayamba kuwakulira, ndipo m'munda ankaima kawiri kapena katatu kuti apume. Zaka zimenezo matenda otere tinkawaona kwambiri, koma sitinkawatchula. Mu Januwale 2002 abale awo anabwera kudzawatenga. Njinga anaisiya ku galaja kwa a Mulewa, anati adzaipeza akachira. Mu Malichi tinalandira uthenga woti atisiya.

2002

Chaka chimenecho kunali njala. Anthu ankabwera kudzathyola tiyi asanadye kanthu, ndipo ena ankakomoka pa mzere wa sikelo. Si chaka chimene munthu wanzeru akanagula njinga yamoto. Koma mchimwene wa a Gondwe atabwera ndi lole kudzatenga katundu, njingayo inakana kulira. A Mulewa anaika batire ina, anatsuka kabuleta, anaikankhitsa pamtsetse ndi anthu anayi, koma ayi. Malo mu lole analinso atatha. Mchimwene uja anayang'ana uku ndi uku, nati amene ali ndi kenakake aitenge. Ndinali ndi ndalama zimene ndinkasungira malata. Ndinapereka, ndipo amayi anu sanandilankhule masiku atatu.

M'mawa mwake lole itapita, ndinapita ku galaja kukaona chimene ndinagula. Ndinangoika kiyi n'kudina, osayembekezera kanthu. Inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati yagona itatenthedwa. A Mulewa anatuluka pansi pa thirakitala n'kuima akupukuta manja.

“Mwaichita chiyani?”

“Palibe. Ndangodina.”

Anaizungulira kamodzi, osaigwira. “Mwina petulo anali atasefukira dzulo,” anatero, koma mawu awo sanali a munthu amene akukhulupirira zimene akunena.

Zimene a Gondwe anandichenjeza zinali zoona. M'minda sinkathandiza, inali yolemera moti tsiku limene inandigwera m'ngalande panafunika amuna atatu kuti aidzutse. Ntchito ndinkagwirabe ndi yofiira ija, yabuluuyi n'kumaitulutsa Loweruka ndi Lamlungu. Petulo amene yofiira inkayendera sabata yathunthu iyi inkamumaliza pa ulendo umodzi wa ku Limbe. Tayala lakumbuyo litatha ndinadikira milungu isanu ndi umodzi kuti dalaivala wina wa mathiraki andibweretsere, ndipo mtengo wake unadya theka la malipiro anga a mwezi. Mafuta a injini inkafuna akeake. Komabe ndikaikwera pa tala ndinkaiwala zonsezo.

Ndiye panayamba zinthu ziwiri zimene mpaka lero sindikuzimvetsa. Choyamba chinali zopondera za munthu wokwera kumbuyo. Ine ndinkayenda ndekha, choncho ndinkazipinda kuti zisandikole thalauza. Njingayo inkagona m'kachipinda kosungira makasu, kiyi wa loko ali m'thumba mwanga. Koma m'mawa uliwonse ndikatsegula ndinkapeza zopondera zonse ziwiri zili zotambasula. Ndinakukalipira iwe Davide, ukukumbukira, ndipo unalira kuti sunalowemo. Ndikupepesa lero. Ndinazimanga ndi mphira wa chubu; m'mawa ndinapeza mphirawo uli pansi, wosaduka, zopondera zili zotambasula.

Chachiwiri chinali pamsewu. Ukamachokera ku esiteti pali malo pamene pali chigayo chakale chopanda denga, ndipo pomwepo pamapatuka msewu wafumbi kumanzere wopita kwa Khwethemule. Ndikangoyandikira malo amenewo njingayo inkalemera kumbuyo, ngati munthu wakwera ikuyenda, ndipo mahandulo ankakokera kumanzere. Sinkakoka mwamphamvu ayi. Zinali ngati mmene munthu amakugwirira pachigongono m'gulu la anthu pofuna kukuonetsa njira. Ndikapitirira chigayocho, zonse zinkatha.

Ndinawauza a Mulewa. Anayeza matayala, anamasula mafoloko akutsogolo, anayang'ana ngati felemu inapindika. Sanapeze kanthu.

“Imakoka paliponse?” anafunsa.

“Pa chigayo chakale pokha.”

“Mwina msewu ndi wopendekeka pamenepo.”

“Yofiira sikoka.”

Kenako anati, “A Nakoma, ine ndimakonza zitsulo. Ngati chitsulo chili bwino, ine ntchito yanga yatha. Igulitseni.”

Julaye 2002

Linali Lachisanu. Ndinaweruka masana kuti ndikagule mankhwala a amayi anu ku boma, ndipo popeza yofiira inali ku galaja ndinatenga yabuluu. Kunali chiperoni cha tsiku lachitatu. Nkhungu inali itaphimba minda yonse, mitengo ya bulugamu inkangooneka tsinde lokha, ndipo kamvula kosalekeza kankalowa m'khosi. Pamsewu panalibe munthu. Ndikuyandikira chigayo chija ndinamva kumbuyo kukutsika, monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo ndinamvanso kuti msana wanga sukuzizidwa. Kutsogolo konse ndinali nditanyowa, koma kumsana kunali kofunda ngati pali wina amene wanditchinga.

Sindinayang'ane pa galasi loonera kumbuyo. Ndikuuzeni zoona, ndinaopa kuyang'ana. Ndinangofewetsa manja, ndipo njinga inakhotera kumanzere.

Msewu umenewo ndinali ndisanauyendepo. Unali woterera, wa makwawa, msewu umene njinga yolemera chotero siyenera kudutsa. Koma sinaterereke ngakhale kamodzi. Pamene njira inagawikana pawiri sindinaganize, ndinangopezeka ndatenga yakumanja. Ndinadutsa munda wa chinangwa, tchalitchi chaching'ono cha njerwa zosawotcha, kenako kamlatho ka mitengo. Nditawoloka, injini inazima yokha pafupi ndi nyumba ina ya malata atsopano, yozunguliridwa ndi nthochi.

Ndisanatsike, chitseko chinatseguka ndipo kamtsikana ka zaka ngati zinayi kanatuluka kakuthamanga opanda nsapato, kakuitana kuti, “Adadi, adadi.” Kanafika pa bokosi la kumanzere n'kuyamba kulimbana ndi chotsekera chake ngati kozolowera. Kenako kanakweza maso. Ine ndinali nditavula chisoti. Kanabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kanagunda miyendo ya mayi amene anaima pakhomo, atagwira mpango umene ankafuna kumanga kumutu.

Mayiyo anayang'ana njinga, anayang'ana ine, anayang'ananso kumbuyo kwanga ngati pali wina amene sanatsike.

“Akutumani?” anafunsa. “Abwerako?”

Ndinafunsa dzina la mwanayo. Anati ndi Lusungu. Dzina lachitumbuka pakati pa mudzi wa Alomwe. Pamenepo ndinadziwa kumene a Gondwe ankapita Lachisanu lililonse.

Mayiwo dzina lawo linali a Felesiya. Anandiyalira mphasa pakhonde. Anandiuza kuti a Gondwe anabwera komaliza pa Khirisimasi, anati akupita kwawo kukalandira mankhwala ndipo adzabwera mvula ikatha. A Gondwe anali atawaletsa kufika ku esiteti kapena kutuma munthu. Choncho iwo ankangodikira. Lachisanu lililonse ankamusambitsa mwana masana n'kumuveka diresi.

Pa ntchito yanga ndinachotsapo anthu, ndinaperekezapo maliro a anthu amene anafera m'munda, koma sindinanyamulepo mawu olemera ngati a tsiku limenelo. Mwa mwambo ndinayenera kufuna akuluakulu a pamudzi kuti ndiwauze iwo. Ndinafunsa ngati amalume awo ali pafupi. A Felesiya anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Nenani kwa ine. Mukafuna amalume ndiye kuti mwanena kale.”

“Anatisiya mu Malichi, mayi. Anaikidwa kwawo.”

Sanalire nthawi yomweyo. Anawerenga miyezi ndi zala, Malichi, Epulo, Meyi, Juni, n'kuima. Anamuitana mwana, anamuvula diresi ija mosamala, anaipinda, n'kulowa nayo m'nyumba. Kulira ndinakumvera kunja.

Pobwerera njinga inalira nditangodina. Inali yopepuka, ndipo msana wanga unazizidwa njira yonse.

Ogasiti mpaka Disembala 2002

Ndalama za imfa za a Gondwe zinali zisanatuluke. Ndinapita kwa a Kalinde, bwana woona za antchito, n'kuwafotokozera za mwanayo. A Kalinde anatseka chitseko.

“Pa fomu yawo analemba ana atatu ndi mkazi mmodzi. Uyu palibepo.”

“Koma alipo, bwana. Ndamuona. Nkhope ndi yawo.”

“Nkhope si chikalata. Mapepala ndatumiza kale. Mukufuna ndiwaitanitsenso, ndikauze mkazi wamasiye kuti mwamuna wake anali ndi nyumba ina? Mukufuna kuvula munthu wakufa?” Anatsitsa mawu. “Ndiponso dzina lanu lili pa tebulo la bwana wamkulu. Malo a a Gondwe akufuna munthu. Ino si nthawi yoti muzidziwika ndi nkhani za akazi akumudzi. Pitani mukaganize.”

Ndinaganiza milungu iwiri. Udindo umenewo unali ndi nyumba ya magetsi ndi galimoto, ndipo iwe Esinati unali pafupi kulemba mayeso a sitandade eyiti. Panalinso china. Ndinali nditapita kawiri kwa a Felesiya kukasiya ufa, chifukwa njala inali isanathe, ndipo anthu anaiona njinga yabuluu pakhomo paja. Mphekesera inafika kutchalitchi kuti mkulu wa mpingo Nakoma walowa chokolo cha njinga ndi mkazi yemwe. Ena ankati mwanayo ndi wanga kuyambira kale. Amayi anu anazimva ku chigayo.

Sanakalipe. Anadikira inu mutapita kusukulu, n'kunena kuti, “Abambo a Esinati, Loweruka munditengere kumeneko. Ndikaone ndekha.”

Aka kanali koyamba kuti akwere njingayo. Tinanyamuka m'mawa kuli dzuwa. Panjira ndinaona kuti sakundigwira m'chiuno. Ndinaganiza kuti ndi mkwiyo. Titafika anatsika n'kukhala pa mwala.

“Bwanji simumandigwira? Mukanagwa,” ndinatero.

“Ndimayesa,” anayankha motsitsa. “Kuyambira pa chigayo paja manja anga samakufikani. Panali mpata pakati pathu, ndipo ndikati ndisendere, sizimatheka.”

Kenako Lusungu anatuluka. Amayi anu ankawadziwa a Gondwe bwino, ankawagulitsa mazira. Anamuyang'ana mwanayo, mphumi yake ndi mmene ankapendeketsera mutu, ndipo anatembenukira kwa ine.

“Kalembeni kalata kuntchito, mwanayu alandire gawo lake,” anatero. “Koma pobwerera ine ndiyenda pansi mpaka pa tala, ndikakwere minibasi.”

Ndinalemba kalata kwa bwana wamkulu, kudumpha a Kalinde. Ndinaphatikiza kalata ya ubatizo ya mwanayo, pamene a Gondwe anasayina ndi dzanja lawo ngati bambo. Panali phokoso. Mchimwene wawo uja anandilembera mawu amene sindingawabwereze pano. Pamapeto pake mwanayo anapatsidwa gawo, laling'ono kuposa la anzake, koma linamulipirira sukulu. Malo a a Gondwe anapatsidwa munthu wina wochokera ku Mulanje. Ine mu Disembala anandisamutsira ku chigawo chakutali kwambiri, kumalire ndi midzi ya kwa Changata, kumene kunalibe tala ngakhale pang'ono. A Kalinde sanandipatsenso moni mpaka anachoka, ndipo dzina langa silinafikenso pa tebulo lililonse.

Kumeneko njinga yabuluu inalibe ntchito. Inshuwalansi inali itatha, tcheni chinkafuna chatsopano, ndipo iwe Esinati unali utasankhidwa kupita kusekondale. Mu 2003 ndinaigulitsa kwa mwini sitolo wina ku Limbe. Ndinamuuza zonse, za zopondera ndi za chigayo. Anaseka, nati iye njira yake ndi ya ku Zomba. Anabwera ndi galimoto kudzainyamula, ndipo sindinaionenso. Yofiira ija ndinayenda nayo mpaka tsiku lomaliza, ikunjenjemera chimodzimodzi.

2009

Ndinapuma ntchito mu Juni. Mu Ogasiti a Felesiya anabwera kunyumba ndi Lusungu, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, wamtali kuposa amayi ake. Atapereka moni, mtsikanayo analankhula yekha.

“Agogo, ndikufuna ndikaone pamene anagona adadi. Amayi akuti sangapite, sakawalandira. Inu mungandiperekeze?”

Ndinalibe chifukwa chopitira, ndipo ndinkadziwa kuti kumeneko dzina langa silikondedwa. Koma tinapita, pa basi, masiku awiri. Ku Rumphi tinafunsa njira mpaka tinafika pamudzi pawo chakumasana. Mchimwene wa a Gondwe uja anali atamwalira. Mkazi wa a Gondwe anali pakhonde akusankha nyemba, tsitsi litayamba imvi. Ndinadzitchula dzina. Nkhope yawo inauma, ndipo sanatipatse mpando.

“Ndinu amene munalemba kalata,” anatero.

“Ndine, mayi.”

Lusungu anali ataima kumbuyo kwanga atanyamula kachikwama kake pachifuwa. Mayiwo anamuyang'ana, n'kupitiriza kusankha nyemba. Tinaima padzuwa nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza za basi yobwerera. Kenako anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi khasu laling'ono ndi tsache.

Anadutsa pa ine osandiyang'ana n'kupereka tsachelo kwa mtsikanayo.

“Manda ali kuseri kwa phiri,” anatero. “Ana anga ali kutauni, palibe amene wasesapo chaka chino. Tiye. Inu a Nakoma khalani pano, muone nkhuku zisadye nyemba.”

Ndinakhala pakhondepo ndikuwaona akukwera njira ya kuphiri, mayi patsogolo, mwana pambuyo. Atafika pokwera kwambiri mayiwo anaima kuti apume, ndipo Lusungu anawalandira khasu.